Kabici wa ku Kerguelen: ndiwo za amalinyero zimene akalulu anatsala pang'ono kumaliza

Mlimi aliyense wa dimba amalidziwa banja la mpiru, ngakhale amene sanamvepo dzina limene akatswiri a zomera analipatsa, lakuti Brassicaceae. Repu, kabici, chainizi ndi mpiru onsewa ndi ana a nyumba imodzi. Umboni wake umaoneka tikasiya tsinde limodzi kuti lifike pocita maluwa. Duwa lililonse limakhala ndi timasamba tinayi topingasana ngati mtanda, ndipo likayoyoka pamatsala kakhoko kowonda kodzaza ndi tinjere tating'ono. Tikatikita tsamba laliwisi m'manja timamva kafungo kolasa m'mphuno, kamene kali ngati cidindo ca banja lonseli.

Banjali ndi lalikulu kuposa mmene madimba athu amasonyezera. Lili ndi mitundu ya zomera yoposa 3,500, imene akatswiri anaigawa m'mafuko oposa 300, monga mmene anthu a mtundu umodzi amakhalira ena a Phiri, ena a Banda, ena a Mwale. Ndiwo za banjali zimene timalima kuno pafupifupi zonse ndi za fuko limodzi, la Brassica. Koma kuli mafuko ena amene ambirife sitidzawaona ndi maso, ndipo limodzi mwa iwo ndi Pringlea. Fuko limeneli lili ndi mwana mmodzi yekha, Pringlea antiscorbutica, amene amadziwika ndi dzina lakuti kabici wa ku Kerguelen. Mbewu yake simungaipeze m'sitolo ya alimi, ndipo ngakhale mutaipeza singakule m'dimba lililonse la kuno. Tasankha kulemba za kabici ameneyu cifukwa mbiri yake imaonetsa poyera cinthu cimene m'madimba mwathu cimacitika mwakacetecete: ndiwo zabwino zimatha cifukwa ca zimene anthu eni ake alowetsa pacipata, ndipo nthawi zambiri amazilowetsa ndi mtima wabwino.

Dziko la mphepo ndi cisanu

Zisumbu za Kerguelen zili kum'mwera kwenikweni kwa nyanja ya Indian Ocean, pa mtunda wa makilomita oposa 3,000 kucokera ku Madagascar, panjira yolowera ku Antarctica. Pali cisumbu cimodzi cacikulu ndi tizisumbu pafupifupi 300, ndipo zonse pamodzi zimakwana masikweya kilomita 7,200. Zili m'manja mwa dziko la France. Kulibe mudzi kapena munda. Okhalako ndi asayansi ndi anchito owathandiza, pa malo ochedwa Port-aux-Français, ndipo cakudya cawo cimabwera pa combo kucokera ku cisumbu ca Réunion kangapo pa caka.

Titatenga kuzizira kwa m'bandakuca wa mwezi wa Juni m'dambo, n'kukuyala pa caka conse, tingayandikire nyengo ya kumeneko, pakuti kutentha kwake kumazungulira pa madigiri 5. Mvula kapena cipale cofewa zimagwa masiku ambiri pa caka, ndipo mphepo ya kumadzulo imaomba pafupifupi osaleka. Mtengo wacilengedwe kulibe ngakhale umodzi. Zomera zake ndi udzu, ndere ndi tizitsamba tokwawa pansi.

M'dziko lotere ndi mmene kabici ameneyu amakondwa. Amapanga mutu wa masamba okhuthala ofanana ndi a kabici wathu, koma iye safa nyengo imodzi ikatha. Tsinde lake ndi lonenepa, limakwawa pansi, ndipo limakhala zaka zingapo. Mapesi a maluwa amatuluka m'munsi mwa mutu, n'kuima mouzungulira, ndipo a caka catha amatsala ciimire ngakhale atauma. Kabici wathu amamanga mutu m'miyezi itatu kapena inayi, pamene uyu amatha zaka asanacite maluwa oyamba. Kupatula ku Kerguelen, amapezekanso pa zisumbu za Crozet, Heard, Marion ndi Prince Edward, zonse za m'nyanja yozizira yomweyo, ndipo kunja kwa zisumbu za m'nyanja imeneyi samera yekha. Akatswiri amati abale ake apafupi ali ku South America.

Amene anasungapo mbewu ya repu amadziwa mmene njuci zimadzazira pa maluwa ake acikasu. Ku Kerguelen njuci kulibe, cifukwa mphepo ya kumeneko silola kacilombo kouluka kugwira nchito yotere. Motero maluwa a kabici ameneyu ndi osaoneka bwino, ambiri alibe n'komwe timasamba tokopa tizilombo, ndipo duwa limadzipatsa mungu lokha kapena kuthandizidwa ndi mphepo. M'kati mwa masamba ake mumabisala nchenche ina ya kumeneko, Calycopteryx moseleyi, imene ilibe mapiko. Imayenda ngati nyerere, ndipo mphutsi zake zimadya masamba oola a m'munsi. Kabici ameneyu anazolowera nthaka yozizira ndi yonyowa nthawi zonse, kotero kuti kutentha ndi cilala zimamufoola msanga. N'cifukwa cake anthu amene anayesa kumulima m'maiko ena sanapite naye patali.

Ciseyeye, mdani wa amalinyero

Dzina laciwiri la comeraci, antiscorbutica, limatanthauza colimbana ndi ciseyeye. Kuti timvetse cifukwa cake, tiyenera kukumbukira mmene anthu anali kuyendera panyanja zaka 300 zapitazo. Combo cinali kutha miyezi osaona mtunda, ndipo amalinyero anali kudya nyama yamcere ndi mabisiketi ouma basi. Thupi la munthu silipanga vitamini C, ndipo silimusunga nthawi yaitali. Pakatha mwezi umodzi mpaka itatu munthu asanadye masamba kapena zipatso, amayamba kufooka, nkhama zimatupa ndi kucuca magazi, mano amagwedera, pakhungu pamatuluka mawanga, ndipo zipsera zakale zimatsegukanso. Mapeto ake ndi imfa.

George Anson ananyamuka ku England mu 1740 ndi amuna pafupifupi 1,900 pa ulendo wozungulira dziko. Oposa 1,000 anafera m'njira, ndipo ambiri mwa iwo anaphedwa ndi ciseyeye, osati ndi mfuti za adani. Mu 1747 dokotala wa pa combo, James Lind, anatenga odwala 12, n'kuwagawa awiriawiri, gulu lililonse ndi mankhwala ake. Amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anacira msanga. Komabe panapita zaka zambiri mfundo imeneyi isanakhazikike, ndipo vitamini C weniweniyo anadziwika ca m'ma 1932. Pa nthawi yonseyi woyendetsa combo wanzeru anali kudziwa cinthu cimodzi cokha: akafika pamtunda, atume anthu kukafuna ciliconse cobiriwira codyeka.

Cook, Anderson ndi Hooker

Mzungu woyamba kuona zisumbuzi anali Mfalansa, Yves-Joseph de Kerguelen-Trémarec, mu 1772, ndipo zinatenga dzina lake. Pa 25 Disembala 1776 James Cook anafikako ndi zombo zake ziwiri, n'kuima pa doko limene analicha Christmas Harbour. Ataona kuuma kwa dzikolo anati dzina loliyenera ndi cisumbu ca bwinja. Koma dokotala wa pa combo cake, William Anderson, amene analinso wokonda zomera, anapeza m'malo onyowa comera conga kabici, cokoma mofanana ndi masamba oyabwa a banja la mpiru amene anali kuwadziwa kwawo. Anazindikira kuti ndi mankhwala a ciseyeye, ndipo anacipatsa dzina lolemekeza Sir John Pringle, dokotala wa asilikali amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa bungwe la asayansi la Royal Society ku London. Anderson anamwalira mu 1778, ulendowo usanathe.

Amene anadzamaliza nchitoyo ndi Joseph Hooker, mnyamata wa zaka 22, amene anafika ku Kerguelen mu Meyi 1840 pa ulendo wa James Clark Ross, wa zombo za Erebus ndi Terror. Anakhalako miyezi iwiri ndi masiku, m'nyengo yozizira kwambiri. Hooker anafotokoza comeraci mwatsatanetsatane, ndipo analemba kuti amalinyero anali kupatsidwa kabici ameneyu wophika pamodzi ndi nyama yawo yamcere kwa masabata ambiri, ndipo m'zombomo munalibe matenda. Masamba ake ali ndi timafuta tacikasu toyabwa, ndipo muzu wake umaluma lilime. Hooker pambuyo pake anakhala mkulu wa munda wochuka wa zomera wa Kew.

M'zaka za m'ma 1800 zisumbuzi zinali kufikiridwa ndi alenje a ku America ndi ku Britain, osaka anamgumi ndi nyama za m'nyanja zochedwa seal cifukwa ca mafuta ndi zikopa. Anthu amenewa anali kukhala kutali ndi kwawo caka cimodzi kapena kuposa. Kwa iwo kabici wa ku Kerguelen anali dimba limene palibe analima, lodikira aliyense wofika. Pambuyo pake asayansi atapima masambawo anapeza kuti alidi ndi vitamini C wambiri.

Mphatso ya mu 1874

Mu Disembala 1874 nyenyezi ya Nthanda, imene azungu amati Venus, inadutsa pamaso pa dzuwa, ndipo maiko angapo anatumiza akatswiri ku Kerguelen kuti akaone zimenezi. Gulu la ku Britain linabwera ndi akalulu ocepa, n'kuwamasula pa cisumbu cacikulu. Maganizo ake anali acifundo: amalinyero amene combo cawo cingasweke m'tsogolo adzapeze nyama.

Inu amene munaweta akalulu mukudziwa masamu ake. Bere ndi la mwezi umodzi, ana amabadwa angapo nthawi imodzi, ndipo waukazi amatenganso bere posakhalitsa. Pa cisumbupo panalibe nkhandwe, njoka kapena vumbwe. Ndiponso kabici wa kumeneko anali asanakumanepo ndi nyama yodya masamba. Analibe minga, sanali kuphuka msanga akadulidwa, ndipo anali kufuna zaka kuti abereke mbewu. Kalulu akadya mutu ndi kukukuta tsinde, ndiye kuti nchito ya zaka zingapo yatha m'masiku ocepa.

Patapita zaka makumi ocepa, kabici anali atasowa m'zigwa zonse zimene akalulu anafikamo. Anatsala m'maphompho ndi pa matanthwe pamene kalulu sangakwere, ndi pa tizisumbu timene madzi anatichinjiriza. Pamodzi naye panacepanso Azorella, comera cokula ngati mtsamiro cimene cinali kugwira nthaka. Malo awo anatengedwa ndi citsamba cina ca kumeneko, Acaena, cimene cimapirira kudyedwa ndipo njere zake zimamatirira pa ubweya monga cimacitira cisoso pa zovala. Pamene akalulu anakumba mauna ambiri, nthaka inatsala yambee, mphepo ndi mvula n'kuikokolola.

Tsoka lake lagona apa: nyama ya kalulu yophika siciza ciseyeye. Munthu wopulumuka panyanja akanapeza nyama yokhuta, koma mankhwala amene thupi lake linali kufuna koposa anali atapita m'mimba mwa nyamayo. Amene anamasula akaluluwo anaona njala ya m'mimba, sanaone kuti dzikolo linali kale ndi cuma cake.

Kukonza kolakwika ndi colakwika cina

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. M'zaka za m'ma 1950, Afalansa atakhazikitsa malo awo a sayansi, analowetsa dala matenda a akalulu ochedwa myxomatosis. Akalulu ambiri anafa, koma ku zisumbuzi kunalibe udzudzu kapena utitiri wofalitsa matendawo bwinobwino, ndipo otsalawo anaswananso. M'zaka zomwezo kunabwera amphaka oti azigwira mbewa ndi makoswe amene analowa ndi zombo. Amphakawo anathawira kuthengo, n'kuyamba kudya mbalame za m'nyanja zimene zimaikira mazira m'mauna, ndipo nyengo yozizira, mbalame zikacoka, akalulu omwewo ndiwo amawasunga ndi moyo. Ngakhale nchenche yopanda mapiko ija inapeza mdani: kacikumbu kodya tizilombo tinzake kamene kanafika mu 1913 pamodzi ndi nkhosa zocokera ku zisumbu za Falkland.

M'zaka za m'ma 1990 asayansi anapha akalulu onse pa tizisumbu titatu tating'ono, kuti aone ngati zomera zakale zingabwerere. Kabici anayamba kumeranso, koma mwapang'onopang'ono. Pa malo ambiri oyera panathamangira maudzu acilendo ocokera ku Ulaya, monga dandelion, amene amabereka mbewu zambiri msanga, ndipo nyengo ya kumeneko nayo yakhala ikuuma ndi kufunda kuposa kale. Kucotsa mdani kunatheka pa tizisumbu tating'ono, koma pa cisumbu cacikulu akalulu akadalipo mpaka lero, patatha zaka 150.

Mdani amene timamudziwa

Mbali ya nkhaniyi imene ikutikhudza mwacindunji inacitika pa cisumbu ca Marion, cimene cili m'manja mwa South Africa. Kumeneko akalulu sanafikeko. Koma mu 1986 asayansi anapeza pa kabici wa kumeneko kagulugufe kotuwa kochedwa diamondback moth, kamene dzina lake la sayansi ndi Plutella xylostella. Ena amati kanabwera ndi mphepo, ena amati kanakwera combo m'masamba a ndiwo zotumizidwa kwa anchito. Pa cisumbu comweco panapezekanso nkhono yacilendo yopanda cigoba, ndi cuku cotuwa coolesa masamba. Potsiriza akuluakulu analetsa kutumiza ndiwo zamasamba zaziwisi ku Marion, ndipo katundu wopita kumeneko amayamba wafufuzidwa.

Kagulugufe kameneka ndi komwe kaja kamatisowetsa mtendere m'madimba a repu ndi kabici, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala kukatentha. Timbozi take ndi tobiriwira, timadya kunsi kwa tsamba n'kusiya kakhungu koonekera ngati galasi, ndipo tikatikhudza timadzipinda mofulumira n'kulendewera pa kaulusi. Kanadziwa bwanji comera ca pa cisumbu cakutali, cimene makolo ake sanacionepo? Yankho lili m'kafungo kaja tinachula poyamba. Zomera zonse za banja la mpiru zili ndi mankhwala acilengedwe ochedwa glucosinolates, amene amazipatsa kuyabwa kwake ndi kuthamangitsa tizilombo tambiri. Koma kwa kagulugufe aka fungo lomwelo ndi ciitano. Kakalimva kamadziwa kuti pano ndi poikira mazira, kaya ndi pa repu wa ku Katete kapena pa kabici wa ku Marion. Kukatentha kamamaliza moyo wake wonse, kucokera pa dzira kufika pa gulugufe woikira mazira ena, m'masabata awiri kapena atatu. Kuswana kofulumira kumeneku n'kumene kanakapangitsa kukhala koyamba mwa tizilombo ta m'munda kugonjetsa DDT, m'zaka za m'ma 1950, ndipo kucokera pamenepo kagonjetsa mankhwala ena ambiri.

Zimene tingatengepo m'madimba mwathu

Dimba nalo ndi kacisumbu. M'cilimwe limakhala lobiriwira pakati pa dziko louma, ndipo ciliconse canjala cimalunjika komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti cipata ca dimba cili m'manja mwathu.

Coyamba ndi mbande. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mtolo wa mbande zogula pamsika kapena zopatsidwa ndi mnansi ungaoneke wathanzi, koma kunsi kwa masamba kuli mazira, timbozi kapena nsabwe. Matenda oolesa kabici ochedwa black rot, amene amayamba ndi cikasu m'mphepete mwa tsamba n'kulowa m'kati ngati cilembo ca V, amayenda m'mbewu ndi m'mbande. N'cifukwa cake timalimbikitsa kuti aliyense akhale ndi nazale yake, ya mbewu yodziwika kumene yacokera, ndipo aiike kutali ndi repu wakale. Ngati mwalandira mbande za kwina, tembenuzani masamba musanawokere, ndipo zokayikitsa zisalowe.

Caciwiri ndi kasinthasintha wa mbewu. Kucotsa repu n'kubzala kabici pa bedi lomwelo si kusintha, pakuti kwa kagulugufe ndi kwa matenda onsewa ndi nyumba imodzi. Kusintha kwenikweni n'kutuluka m'banjamo: nyemba, anyezi, cimanga cacisiwisi kapena matimati, ndipo kumene kwagwa black rot banja la mpiru lisabwererepo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Zitsa za repu wokalamba zimene timazisiya poti tizithyolako pang'onopang'ono ndizo zimasunga tizilombo mpaka mbewu yatsopano itafika. Zizulidwe, zipite ku ziweto kapena zikwiriridwe mozama.

Cacitatu ndi mankhwala. Nkhani ya amphaka a ku Kerguelen ikutikumbutsa kuti cothetsera vuto cingabale vuto lina. M'dimba muli timavu tating'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la timbozi tija n'kutipha. Tikapopera mankhwala amphamvu sabata iliyonse mosayang'ana, timavu timafa msanga kuposa timbozi, ndipo timbozi totsala ndi tija tolimba. Yambani mwayendera mabedi kawiri pa sabata. Poperani pokhapokha pakafunika, ndipo musabwereze mankhwala a gulu limodzi nthawi zonse. Kuthirira kowaza pamwamba madzulo kumasokoneza agulugufe ndi kugwetsa timbozi tating'ono, ngakhale kuti pamene pali black rot kuwaza kumafalitsa matenda, ndipo pamenepo ndi bwino kuthirira pansi.

Cacinayi ndi ziweto ndi zomera zacilendo. Akalulu, mbuzi ndi nkhumba ndi cuma, ndipo timaphunzitsa kuziweta. Koma khola, mpanda ndi cakudya ca m'cilimwe ziyambe zakhalapo ciweto cisanafike. Mbuzi ziwiri zolowa m'dimba usiku umodzi zimatha nchito ya miyezi itatu, ndipo zimayambitsa mlandu pakati pa anansi. Pa zomera, sitifunika kupita kutali kuti tipeze zitsanzo. Lantana anabwera ku Africa ngati duwa lokongoletsa ndi lampanda, lero wadzaza m'madyetsero ndipo amadwalitsa ng'ombe. Namasupuni, amene amatseka madzi pa mtsinje wa Kafue, kwawo ndi ku South America, ndipo anafalitsidwa m'maiko cifukwa ca maluwa ake okongola. Munthu akakupatsani comera catsopano, funsani mmene cimafalikira ndi mmene mungacicotsere cikakana malire.

Cacisanu ndi kuzindikira cuma cimene cilipo kale. Amene anamasula akalulu anapondaponda mankhwala akufunafuna ndiwo. Ifenso tili ndi ndiwo zomera zokha zimene timazipalira ngati udzu: bonongwe, cisoso, ndi luni, amene ena amati suntha, wa banja loyandikana kwambiri ndi la mpiru. Tili ndi mpiru wa makolo umene amayi ena akusungabe mbewu yake m'cibade kapena m'botolo. Mbewu yotere ikatha pamudzi, sitolo singaibweze. Siyani matsinde angapo athanzi afike pokhwima, kutali ndi abale ake ocita maluwa nthawi yomweyo kuti njuci zisasakanize, ndipo gawanani ndi anzanu kuti isakhale m'nyumba imodzi yokha.

Ndiponso tisaiwale cimene cinapatsa kabici wa ku Kerguelen dzina lake. Vitamini C amawonongeka ndi kuphika nthawi yaitali, ndi soda kapena cidulo, ndi kuyanika padzuwa. Mfutso ndi wothandiza pa njala ya ndiwo, koma vitamini ameneyu amakhala atatsalamo wocepa. Masamba aphikidwe ndi madzi ocepa, kwa nthawi yocepa, msuzi wake usatayidwe, ndipo ana azipeza magwafa, mandimu, malambe kapena mango monga mwa nyengo yake. Nkhama zocuca magazi pa mwana kapena nkhalamba m'miyezi yosowa ndiwo zisamaonedwe ngati nkhani yaing'ono. Apite kucipatala, ndipo m'mbale mwake mubwerere zobiriwira.

Kumene akalulu sanafike

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 450 kum'mwera ca kum'mawa kwa Kerguelen kuli cisumbu ca Heard, ca dziko la Australia. N'cozizira kuposa Kerguelen, ndipo mbali yake yaikulu ndi yokutidwa ndi madzi oundana. Alenje a nyama za m'nyanja anakhalako m'zaka za m'ma 1800, koma akalulu, amphaka ndi makoswe sanakhazikikeko. Lero munthu sapondako popanda cilolezo, ndipo amene waloledwa amayamba watsuka nsapato ndi kufufuza zovala ndi katundu wake kuti asanyamule njere kapena kacilombo. Mu 1997 bungwe la UNESCO linaika cisumbuci pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse, makamaka cifukwa cakuti cilengedwe cake sicinasokonezedwe ndi zobwera ndi anthu.

Kumeneko kabici wa ku Kerguelen akadali wambiri. Amamera pa miyala ndi pa mcenga pamene madzi oundana angocoka kumene, ali m'gulu la zomera zoyamba kufika pa nthaka yatsopano, ndipo amaima m'magulu monga mmene Anderson anamuonera ku Christmas Harbour mu 1776. Palibe anamuthira manyowa kapena kumupopera mankhwala. Nchito yonse imene anthu agwira pomusamalira ndi ya pacipata.

Nyengo ya madimba ikuyandikira, ndipo ambiri a inu mukukonza nazale. Musanafese, yenderani mpanda wonse ndi kutseka mipata, zulani zitsa za caka catha, ndipo lembani m'buku lanu la munda cimene cinali pa bedi lililonse, kuti banja la mpiru lisabwerere pamene linacoka dzulo.